Wailesi ya Ababa ndi Mtovu wa Ndowa

Iwe Tadala, taika pansi kabotolo kameneko. Ika uko, kutali ndi kanyali ukupangako. Eya. Tsopano bwera nacho kuno chimtovu wagulacho ndichione. Ha! Chonenepa ngati chala changa chachikulu. Anakugulitsa ndani? Wa sitolo ya zitsulo ku Manjawira? Usamunene, iye amagulitsa zimene ali nazo. Iwe unangoti ukufuna chowotcherera, iye n'kukupatsa cha anthu omata mapaipi ndi ndowa, pamodzi ndi asidi wake. Ukanamuuza kuti ukuwotcherera tinthu ta magetsi ta kusukulu, mwina akanakuuza kuti alibe.

Khalani pansi nonse, ndi iwe Yamikani amene ukuseka mchemwali wako ngati kuti iweyo ukudziwa. Kokerani mkekawo padzuwa, kuno ku Biriwiri si kwanu kotentha kuja, mundidwalira chimfine mayi anu n'kumandinena. Ndikuuzeni za mtovu ndi asidi ameneyu, chifukwa zinthu ziwirizi zinatsala pang'ono kundilanda bambo anga.

Ababa, agogo awo a mayi anu, inu simunawaone. Chiwongo chawo anali a Ngozo, n'chifukwa chake mumamva anthu akundiitana kuti Nangozo. Anali mmisiri wokhoma ndowa. Kuyambira kuno mpaka ku Mlangeni, munthu akamathirira kabichi kapena tomato kudimba, kheni imene wanyamulayo inali ya a Ngozo. Ankakhoma ndowa, mabafa, mbaula, ndi nyali za koloboyi. Koloboyi simukumudziwa, eti? Kanali kachitini ka mafuta a nyale, kachingwe kotulukira pamwamba. Ukawerengera pamenepo, m'mawa umadzuka m'mphuno muli bii. Inu mumangodina pakhoma, kuwala ngwee, n'kumadandaulanso kuti magetsi achedwa kuyaka.

Ine ndinakulira pambali pa mbaula ya ababa. Chitsulo chawo chowotcherera chinali cha mutu wa mkuwa, cholemera ngati nyundo. Mtovu wawo unali wa timipiringidzo, wina ankagula, wina ankasungunula okha. Ndiye panali botolo la asidi, m'kati mwake muli nthenga ya nkhuku. Akafuna kulumikiza malata, ankayamba apakapo asidiyo ndi nthenga ija kuti adye litsiro ndi dzimbiri, kenako n'kuyendetsa chitsulo chamoto ndi mtovu. Utsi wake unkalasa m'mphuno mpaka misozi. Koma ndowa ikachoka m'manja mwawo, madzi sankadontha ngakhale kadontho.

Za mawailesi ndinaphunzira kwa agogo anu aamuna, a Mbewe. Iwo anagwirako ntchito ya ulonda ku Limbe, pafupi ndi munthu wina wokonza mawailesi, ndiye maso awo anaba luso. Sinali ntchito yodyera, ayi, ife tinkadya za kumunda. Chinali chikondi chabe. Anzawo akapita ku mowa Loweruka, iwo ankayendayenda kupempha mawailesi akufa, n'kuchotsa kachiwalo uku, kachiwalo uku, mpaka ina ilankhule. Poyamba ndinkawanena kuti andidzazira nyumba ndi zinyalala. Tsiku lina anandiitana kuti ndiwagwirire kawaya, chifukwa zala zawo zinali zikuluzikulu ngati chinangwa. Ataona mmene zala zanga zozolowera singano zinakagwirira, anati, "Nangozo, ntchito iyi ndi yanu, ine ndangobwereka." Kuyambira pamenepo tinkakhala awiri pakhonde, anthu odutsa n'kumaseka kuti mkazi wa a Mbewe wasiya mtondo.

Magetsi kunalibe. Kachitsulo kathu kanali kawaya konenepa ka mkuwa, kosongoka, kachigwiriro ka mtengo, ndipo tinkakatenthetsa pa makala. Mtovu wake a Mbewe anabwera nawo kuchokera ku Limbe, wokulungidwa pa kachikuni ngati ulusi. Unali wowonda ngati udzu wa tsache. M'kati mwake munali utomoni, moti ukangougunditsa pa kachitsulo kamoto unkasungunuka nthawi yomweyo, n'kutulutsa kautsi konunkhira bwino. A Mbewe anali ofatsa, koma pa chinthu chimodzi sankaseka. Ankati, "Asidi ndi wa ndowa, chifukwa ndowa imasamba tsiku lililonse, asidiyo n'kuchoka. Nanga wailesi angaisambitse ndani? Asidi akalowamo amakhala momwemo, n'kumadya mkuwa pang'onopang'ono ngati chiswe."

Wamva, Tadala? Mtovu wa tinthu ting'onoting'ono uzisankha wowonda, wokhala ndi utomoni m'kati, wosungunuka msanga kuti kachiwalo kasapse uli mkati modikira. Ndamva kuti masiku ano kuli wina umene anauchotsa chiphe cha mtovu weniweni. Mwana wa aphunzitsi anandibweretserako ndiyese. Ndi wabwino ndithu, koma ngwouma mutu, umafuna moto wambiri, ndipo ukauma sunyezimira ngati wakale uja. Kwa munthu wongoyamba ngati iwe, ungakuvute. Wakalewo ndi wofewa mtima, kungoti ukatha ntchito uzisamba m'manja ndi sopo usanagwire chakudya, ndipo usamauike kukamwa ngati mmene Yamikani amachitira ndi cholembera. Ndakuona, usabise.

Tsono nthawi ya matipate itafika, zinthu zinasintha mothamanga. Anthu anayamba kulankhula pamsewu zimene kale tinkanong'ona m'nyumba. Ku misika kunadzaza katundu amene sitinkamudziwa. Zina zinali zabwino, sindikana. Koma pakhomo pathu zaka zimenezo zinali zolemera. A Mbewe anadwala n'kutisiya, mayi anu ali wamng'ono ngati iwe Yamikani. Amayi anga anali atatsogola kale. Ndiye kunabwera ndowa za pulasitiki, zofiira, zobiriwira, zopepuka, akazi n'kuzikonda. Munthu ndowa ikang'ambika ankangotaya n'kugula ina. Pabwalo pa ababa, pamene kale pankamveka nyundo kuyambira m'mawa, panamera udzu. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, ng'ala inawagwa m'maso onse awiri. Ankangoona kuti uku kwacha, uku kwada, basi.

Ndinawatenga kudzakhala m'kanyumba kaja tikusungiramo makasu. Chimene chinawatsalira chinali wailesi imene a Mbewe anawapangira kuchokera ku mawailesi atatu akufa. Inali yonyansa, chivundikiro cha mtundu wina, kumbuyo kwa mtundu wina, koma mawu ake anali gwa. Ababa ankadzuka nayo, kukhala nayo padzuwa, kudya nayo. Ankakangana nayo ngati munthu. Wandale akamalonjeza pa wailesi, iwo ankaloza ndi ndodo n'kumati, "Bodza! Mnzako uja ananenanso zomwezo!" Kukalengezedwa maliro, ankamvetsera mayina onse kuti mwina muli wina amene anamukhomerapo ndowa. Nthawi ina mabatire anatha ine ndili ku maliro kutali. Nditabwera ndinapeza chakudya chimene mlamu wanga ankawapatsa chikungobwerera chosakhudzidwa. Nditaika mabatire atsopano, anadya. Pamenepo ndinadziwa kuti moyo wa ababa wapachikika pa wailesi imeneyo.

Chaka china, nthawi yokumba kachewere, ndinkakhalitsa kumsewu. Paja inu mumangoona kachewere atawunjikidwa m'zidebe m'mbali mwa msewu, simudziwa msana umene umapweteka. Tinkasenza pamutu kuchokera kumunda kukwera chitunda chonsechi, chisanu chikuluma zala, n'kukakhala tsiku lonse kudikira galimoto iime. Chakudya chathu chinali chigumu ndi nzimbe. Tsiku lina pobwera madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinamva wailesi ikufuula ndili patali, ndi kuseka kwa amuna awiri. Ndinapeza ababa atakhala pa mpando, chifuwa chili patsogolo, pambali pawo pali mnzawo wa bawo wakalekale, a Kamwendo. Pansi panali mbaula yawo yakale, chitsulo chija cholemera, ndi botolo la asidi.

A Kamwendo ndiwo anayamba. "Nangozo, bambo akowa ndi mfiti! Mbuzi inagwetsa wailesi, mawaya awiri n'kuduka m'kati. Ine ndimati tidikire iwe, iwo akuti ayi, bweretsa zida zanga. Ine ndimangowauza kuti kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, iwo n'kumata. Tamvera mmene ikuyankhulira!"

Ababa anati, "Maso ndiwo anapita, mwana wanga. Manja alipo."

Ana inu, nkhope imene ndinaona tsiku limenelo ndinali nditaiwala kuti ababa ali nayo. Madzulo amenewo anadya mpaka kupempha zina. M'mawa mwake anatenga ndodo n'kuyenda okha mpaka kwa a Kamwendo, wailesi ili kukhwapa, aliyense wokumana naye n'kumamuuza. Koma ine ndinalibe mtendere, chifukwa fungo la asidi ndinali nditalimva pa wailesipo.

Ali kosamba, ndinatsegula kumbuyo kwake. Mayo ine! Mtovu unali mbulumbulu ziwiri zikuluzikulu, ndipo asidi anali atayenderera pa kathabwa konse kamene pamakhala tinjira ta mkuwa. Ndinadziwa kuti nyengo yadzuwa ipirira, koma chinyezi cha dzinja chikangofika, yatha. Nanga ndikanatani? Kwathu kuno timati wamkulu salakwa. Mwana wamkazi sangaime pamaso pa bambo ake, mmisiri wodziwika dera lonse, n'kuwauza kuti ntchito yanu yaononga. Ndikawauza, ndiwathyola mtima umene wangodzuka kumene. Ndikakhala chete, wailesi ifa, ndipo ndinkadziwa chimene chimatsatira wailesi ikafa.

Ndinaganiza zochita mobisa. Lamulungu lina ndinati mutu ukundipweteka, ababa n'kupita kutchalitchi ndi a Kamwendo, wailesi n'kuisiya pamphasa. Ndinakoleza makala msangamsanga. Ndinali nditangochotsa mbulu imodzi n'kumatapo ndi mtovu wa a Mbewe, pamene ndinamva ndodo, go, go, pakhonde. Ababa mwendo unawavuta panjira, anabwerera. Anaima pakhomo, n'kukweza mphuno m'mwamba.

"Nangozo."

"Wawa, ababa."

"Fungo ili ndimalimva kale mwamuna wako ali moyo. Ukuwotcherera chiyani?"

Bodza linandikanika. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ababa, ntchito yanu ndi yabwino, yagwira. Koma asidi uja sagwirizana ndi za m'kati mwa wailesi. Mvula ikabwera adya tinjira tonse. Ndimati ndingotsukamo."

Kenako anati, "Ndiye ntchito yanga waichotsa."

"Mbali imodzi yokha, ababa."

"Ndowa zanga zili m'midzi yonseyi. Ina ndinakhoma iwe usanabadwe, mpaka lero ikutunga madzi. Asidi yemweyo, mtovu womwewo. Lero ndiwe wondiphunzitsa?" Anapitiriza kuti, "Maso andithawa. Pulasitiki wandilanda anthu. Nawenso ukufuna undilande manja?"

Mawu amenewo anandilasa. Anapapasa pansi, n'kutenga wailesi yawo, kutseka okha chivundikiro, n'kuimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, mfundo pamwamba pa mfundo. Anati, "Usadzaigwirenso." Kuyambira tsiku limenelo ankapita nayo ngakhale kubafa.

Chilimwe chonse inalankhula bwinobwino. Tinasosa, tinagalauza, mapichesi anachita maluwa, wailesi ikungoyimba. A Kamwendo, amene anamva za mkanganowo, ankati akandiona, "Nanga bwanji a dokotala a mawailesi, wodwala wanu uja sanafebe?" Ine ndinkangoseka nawo. Ndinayamba kupemphera kuti a Mbewe akhale kuti analakwitsa. Sindinafuneko kupambana pa nkhani imeneyi.

Mvula inagwa, tinadzala. Kenako inabwera mvula ija ya kuno, yosakata, ya nkhungu yolowa mpaka m'nyumba, zofunda n'kumamveka zonyowa. Wailesi inayamba kukhosomola. Mawu ankabwera, kupita, n'kumangoti tcherr. Ababa ankaimenya pambali ndi chikhatho, n'kuyambanso. Pofika nthawi yobandira, m'mawa wina inangoti zii.

"Mabatire atha," anatero ababa.

Ndinapita kukagula atsopano, ngakhale ndinkadziwa. Anawaika okha, n'kupotokola kotsegulira. Zii. A Kamwendo atabwera n'kufunsa, ababa anati, "Ndaizimitsa dala. Andalewa anditopetsa." Ankakhala nayo pamiyendo chomwecho, ili chete, dzanja lili pamwamba pake.

Kenako anasiya kutuluka panja. Kenako anasiya kudya. Ndinkawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene ankalikonda, iwo n'kungolawa n'kukankhira kumbali. Ndinawaphera nkhuku, ati pakamwa pakuwawa. Ankagona moyang'ana kukhoma, wailesi ili kumutu. Miyendo inayamba kuwonda ndikuona. Ndinkachita mantha, ana inu, komanso ndinkakwiya. Ndinkati ndili kumunda n'kumalankhula ndekha ngati wamisala: munthu wamkulu angafe chifukwa chokana kunena kuti mwana wanga tandithandiza? Koma ndinkadziwanso kuti iwo sangayambe. Ndipo ine ndikanangolowa n'kunena kuti paja ndinanena, ndiye kuti ndawakwirira ndekha.

M'mawa wina mvula ikuwaza, ndinapita kukagwada pakhomo pa kanyumba kawo.

"Odi, ababa."

"Mmm."

"Ndabwera ndi vuto. Ndili ndi ntchito yandikanika ndekha. Makala anyowa, ndiye kachitsulo kanga mwina kapsa kwambiri, mwina kazizira. Ndikamayang'ana moto, ntchito ikuima. Ndimati mundithandize kusamala moto, poti inu ndi amene mumaudziwa."

Sanatembenuke. Anafunsa ali chiyang'anire kukhoma, "Ntchito yanji?"

"Wailesi ya munthu wina wamkulu m'mudzi muno."

"Mwini wakeyo wavomera?"

"Sindinawafunse. Ndimawaopa, ndi aukali."

Kenako ndinamva kamphuno, hm, kaja ankachita akafuna kuseka koma osafuna kuti uone. Dzanja lawo linapapasa kumutu, n'kukankhira wailesi ija kumbali kwanga. Anati, "Mfundozo umasule, usadule. Mphirayo ndi wabwino."

Ndinawagwira mkono mpaka pakhonde, n'kuwafunditsa bulangeti. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinaika mbaula patsogolo pawo, n'kuwapatsa kachitsulo kanga. Anakapapasa n'kunena kuti, "Aka ndi kotokosera m'mano, si chida." Koma anakaika pamakala, n'kuyamba kukupiza ndi chivundikiro cha poto.

Nditatsegula wailesi, anafunsa, "Ukuona chiyani? Undiuze zoona."

"Mwabiriwira, ababa. Tinjira tina tadyeka, taduka. Mbali imene ndinatsuka ija yokha ndiyo yatsala bwino."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Ndinapala dzimbiri lonse ndi kalumo. Potsukira panafunika kachasu wamphamvu, wa mutu weniweni, amene amauma msanga osasiya madzi. Ndiye tangoganizani, ine mayi wa chigwirizano, kupita kwa mayi wotcheza kachasu ndi kabotolo m'chitenje! Mudzi wonse unamva kuti Nangozo wayamba. Mpaka amayi a kutchalitchi anabwera kudzandichezera mwa uzimu sabata yotsatira. Musaseke, inali nkhani yaikulu.

Pamene tinjira tinaduka ndinkalumikiza ndi timawaya towonda tochotsa m'wailesi ina yakufa, ngati kuika mlatho pamene madzi akokolola. Apa ndi pamene ndinaona umisiri wa ababa. Ankachotsa kachitsulo pamoto, n'kukayandikiza patsaya, osakhudza, n'kunena kuti, "Bado, sikanafike." Kenako, "Tenga, kafika." Ndipo kankakhaladi katafika, mtovu unkangoyenderera ngati mafuta. Ine ndi a Mbewe tinkangoyesa mwamwayi, koma iwo sanaphonye ngakhale kamodzi.

Mtovu wa a Mbewe unali utatsala pang'ono, chifukwa chimwalirire iwo sindinapeze wina. Ndinkausinira, kadontho kadontho. Koma ntchito inali yambiri. Nditafika pa waya womaliza, wopita ku sipika, m'manja mwanga munalibe kanthu. Kachikuni kokha.

Ndinakhala pansi. Mtundu umenewo masiku amenewo kuno sunkapezeka, mpaka munthu apite ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ababa ndikanawasiya ndi yani? Ndipo mmene analili, akanadikira?

"Bwanji wasiya?" anafunsa ababa.

"Mtovu watha. Kwatsala malo amodzi."

Anapitiriza kukupiza moto. Kenako anati, "Kodi chimene chimanunkhira mu mtovu wakowu n'chiyani?"

"A Mbewe ankati ndi utomoni wa paini."

"Umagwira ntchito yanji?"

"Yomweyo ya asidi wanu. Umatsuka pamalopo kuti mtovu ugwire. Kungoti utomoni ukazizira umagona, suluma. Asidi sagona."

"Ndiye wolakwa ndi asidi."

"Eya, ababa."

"Nanga mtovu wangawo walakwanji?"

Zaka zonsezo ndinkangoziika pamodzi, mtovu wa ndowa ndi asidi wake, ngati munthu ndi chithunzithunzi chake. Ndinati, "Sunalakwe kwenikweni. Ndi wonenepa chabe, ndipo umachedwa kusungunuka. Pa tinjira ting'onoting'ono ungawotche. Koma pa sipika pali malo, pangapirire."

"Mapaini aja a kuseri kwa sukulu anadula?"

"Alipo."

"Ndiye ukudikira chiyani? Nyamuka."

Ndinathamanga mvula ili pamutu, mpeni m'manja. Ndinapala utomoni wouma pamene ana anatema makungwa, n'kubwera nawo m'tsamba la nthochi. Pobwera ndinapeza ababa ataimirira. Ataimirira okha, ana inu, atagwira mzati wa khonde, akufuula kuti bokosi lawo la zida ndinaliika kuti. Nditalibweretsa, anatulutsa timipiringidzo tawo tonse ta mtovu. Ankatenga kamodzi, kukaika pakhutu, n'kukapinda. "Aka ayi, n'kogontha." Kena, "Akanso ayi, ndinasungunula ndekha aka." Kenako anapinda kena, ndipo ngakhale ine ndinamva kakulira, tse tse tse. Anati, "Aka. Mtovu wabwino umalira ukaupinda. Aka ndinkasungira ndowa za akwati."

Anakhala pansi, chitsulo chosulira pakati pa miyendo, n'kuyamba kukasula ndi nyundo. Ponyamula inkawalemera, koma potsika inkagwa pamalo pake. Nyundo imene inakhala chete zaka inamvekanso pakhomo, mpaka a Kamwendo anatulukira ndi thumba la feteleza kumutu kudzaona. Ababa anasula mpaka kanakhala kopyapyala ngati tsamba, n'kudula ndi sizasi yawo ya malata kalezo kowonda. Ine ndinasungunula utomoni m'kachivundikiro ka chitini, n'kuusefa pa kansalu kuti zinyalala zitsale.

Ndinapaka utomoni pa waya ndi pa sipika. Ababa anasiya kachitsulo pamoto nthawi yotalikirapo kusiyana ndi poyamba, n'kukayesa patsaya.

"Wangawu umafuna moto waukali. Tenga. Usachedwepo."

Ndinagunditsa. Mtovu unayamba wakana, kenako unafewa, n'kuyenderera kuzungulira waya. Ndinachotsa kachitsulo, n'kugwira wayayo osapuma mpaka pauma. Ndinaika mabatire. Ndinaika wailesi pamiyendo pa ababa n'kunena kuti, "Mwini wake atsegule yekha."

Anapotokola. Inati tcherr, kenako mawu a munthu, gwa, akufotokoza za kasamalidwe ka nkhumba. Nkhumba, ana inu! Sindinamvepo nkhani yokoma ngati imeneyo. A Kamwendo anavula thumba kumutu n'kuyamba kuponda gule wa ngoma pakhonde pomwepo, ndodo m'mwamba ngati chishango.

Ababa sanaseke. Anatsitsa mawu a wailesi pang'ono, n'kutembenukira kumene ndinali.

"Wanga uja wagwira?"

"Wagwira, ababa."

"Ukunyezimira?"

"Osati kwambiri. Koma wagwira zolimba."

"Hm." Anapapasa pansi mpaka anapeza botolo la asidi limene linatuluka pamodzi ndi zida, n'kulipereka kwa a Kamwendo. "Ili ukaliike kutali, lisayandikire mwana wangayu akamagwira ntchito." Anakweza mawu a wailesi, n'kutsamira khoma, maso ali otseka. Ndinayamba kutolera zida mwakachetechete kuti ndisawasokoneze. Ndili pakati potolera, ndinamva akundiitana.

"Nangozo."

"Wawa, ababa."

"Kodi pakhomo pano anthu ake sadya?"

Ndinathamangira kukhitchini misozi ili chuchuchu, n'kuiwala kachitsulo kanga pamakala mpaka chigwiriro chake chinapsa.